Kamakina kosawerenga kupitirira 65

Pali kamakina kotchedwa LeadCare II, konyamulika m'manja. Amabaya mwana pachala, kadontho ka magazi, pakatha mphindi 3 kanena kuchuluka kwa mtovu m'thupi mwake. Nzeru zenizeni zimenezo, sindikutsutsa. Akatswiri a University of Zambia ndi a Hokkaido University adakagwiritsa ntchito kuno ku Kabwe.

Koma kamalekezera pa 65, m'mamaikirogalamu pa desilita. Kupitirira apo kamangoti zakwera. Okapanga ku America adali ndi ana akwawo m'maganizo, kumene 5 ndi nkhani yothamangitsa dokotala. Kuno ku Makululu, ku Kasanda ndi ku Chowa adapezeka ana odutsa 65 yemweyo, mpaka magazi ena ankayamba awasungunula kuti makina athe kuwerenga. Mgodi wa mtovu wa kuno udatsekedwa mu 1994, fumbi lake ana akuseweramo mpaka lero.

Chimene chimandiwawa ndi china. Kamakinako sikagwira ntchito popanda timapepala take toyezera, ndipo timagulidwa ku kampani yomwe idakapanga basi, ndi madola. Mu 2019 a Human Rights Watch adalemba kuti zipatala za m'Kabwe zinalibe zoyezera mtovu ngakhale mankhwala ake. Mu 2021 kampaniyo, Magellan Diagnostics, idachotsa pamsika timapepala tambiri chifukwa tinkaonetsa mtovu wochepa pomwe ulipo wambiri.

Ena anganene za patenti, imene imateteza wotulukira chinthu kwa zaka 20. Chabwino, adye thukuta lake. Nanga aphunzitsi athu a zauinjiniya ku Lusaka ndi ku Kitwe, adawapatsapo ndani ndalama zoti ayese kupanga timapepala tathu?