Kaseti imene bambo ankaitsekera chitseko

Lero za m'kalasi zidikire pang'ono. Sabata yatha ndikukonza m'nyumba ya malemu bambo anga kuno ku Kalomwe ndinapeza chitini cha mabisiketi. M'kati mwake munali makadi athu akale olandirira ufa ku Dedza, ndi kaseti imodzi yofufuma chikuto: Son of a Poor Man ya Lucius Banda. Ndinakhala pansi nayo m'manja mpaka mayi a kunyumba anabwera kudzaona ngati ndadwala.

Achinyamata mwina simudziwa kuti ambiri a ife a ku Angónia tinakulira tsidya linalo. Banja lathu linathawa nkhondo mu 1986, ine ndili wamng'ono, ndipo sitinapite kutali. Kuchoka pa Kalomwe kufika ku Dedza ndi ulendo wa miyendo. Tinali m'gulu la anthu oposa miliyoni imodzi a ku Mozambique amene anakabisala ku Malawi. Chinenero chinali chomwechi, mafumu ena anali abale athu, koma bambo ankatikumbutsa tsiku ndi tsiku kuti mlendo ndi mame.

Bambo anaphunzira kukhala chete m'mayiko awiri. Kwathu, mawu amodzi olankhulidwa pamaso pa munthu wolakwika ankatha kukusowetsa, kaya wamva ndi wa mbali iyi kaya wa mbali inayo. Ku Malawi tinapeza mantha a mtundu wina. Anyamata a chipani ankafunsa khadi pakhomo la msika, amayi ankavina kutamanda Kamuzu Banda, ndipo wailesi inali imodzi yokha, ya MBC. Nyimbo zokamba za dziko zinalipo zambiri, koma zonse zinali zothokoza. Bambo ankati pakamwa m'pamene pamadyetsa munthu, m'pamenenso pamamuphetsa.

Kenaka zinthu zinayamba kugwedezeka motsatizana. Pa 8 Malichi 1992 kalata ya mabishopu a Katolika yodzudzula boma inawerengedwa m'matchalitchi a ku Malawi. Pa 4 Okutobala chaka chomwecho Frelimo ndi Renamo anasaina mtendere ku Roma. Mu Juni 1993 Amalawi anavotera zipani zambiri, mu Meyi 1994 anasankha Bakili Muluzi, ndipo mu Okutobala ife tinaponya voti yathu yoyamba ya zipani zambiri. Pa nthawiyo tinali titabwerera kale, tikufolera nyumba pa bwinja lakale.

Kaseti ija inabwera ndi amalume, amene ankagulitsa mbatata ya kachewere pa malire. Nyimbozo zinali zochokera ku Balaka. Kumeneko, pa parishi ya Katolika, kunali gulu la Alleluya Band limene linayamba mu 1978, ndipo Paul Banda ndi mng'ono wake Lucius anakulira m'menemo. Anatenga kaimbidwe ka regge, kamene tinkakamva kwa Bob Marley ndi Lucky Dube, n'kukasakaniza ndi mawu a kwaya ya m'tchalitchi, n'kuikamo Chichewa cha pamudzi. Lucius atatulutsa chimbale chake choyamba mu 1994, nyimbo ya Mabala inakamba poyera za zowawa za ulamuliro umene unali kutha.

Usiku umene amalume anaiika m'wailesi sindidzauiwala. Nyimboyo isanafike pakati, bambo anadzuka, anasuzumira panja, anatseka chitseko, n'kuchepetsa mawu. Amalume anaseka.

"Alamu, mukuopa chiyani? Izi n'za ku Malawi, sizikutikhudza ife."

"Zikutikhudza," anatero bambo. "Ibwezereni."

Mabatire anali ofooka, choncho ine ndinapatsidwa ntchito yozunguza kaseti ndi cholembera. Tinaimvera katatu. Itatha kachitatu, bambo anatchula dzina la mng'ono wawo amene anatengedwa kumunda nthawi ya nkhondo osabweranso. Kuyambira tsiku limene tinathawa, dzinalo linali lisanamvekepo m'nyumba mwathu. Anafotokoza malaya amene anavala tsikulo, ndi khasu limene linapezeka pa mzere. Mayi analira, ndipo palibe amene anawaletsa.

Nyimboyo sinkakamba za nkhondo yathu. Woimbayo mwina Kalomwe sankamudziwa n'komwe. Koma inanena za kuzunzika m'mawu amene bambo ankagwiritsa ntchito popemphera ndi pokalipira ng'ombe. Kwa iwo, nkhani za boma zinkabwera m'Chipwitikizi, kuchokera pa nsanja, munthu wamba n'kumangowomba m'manja. Apa anamva mwana wa munthu wosauka akuyankha akuluakulu m'chinenero cha pakhomo, ndipo thambo silinagwe.

Sikuti kudzudzula ndi nyimbo kunayambira ku Balaka. Agogo athu aakazi ankaimba pa mtondo kudandaula za mwamuna waulesi kapena apongozi ovuta, mudzi wonse n'kumva, woimbayo osaimbidwa mlandu. Nyimbo za gule wamkulu nazo zimang'amba anthu ndi mafumu omwe. Chatsopano chinali chakuti mtondo uja unalowa m'kaseti, n'kukwera minibasi, n'kudutsa malire popanda chiphaso. Pambuyo pa Lucius panabwera a Billy Kaunda, Mlaka Maliro, Charles Nsaku ndi ena, ndipo kuchokera pa Kalomwe mpaka ku Ulongwe simukanapeza golosale kapena malo omwera osaliza nyimbo za ku Balaka. Anthu anamupatsa dzina loti Soldier, msilikali wa amphawi, ndipo ife tsidya lino tinkamutchula choncho ngati wathu.

Ndili mnyamata wa ku sekondale kunabuka liwu lina ku Chileka, kufupi ndi Blantyre: Evison Matafale ndi gulu la Black Missionaries, ndi zimbale zawo za Kuimba. Uyu anali Mrasta, mawu ake olemera ngati a mneneri wa m'Chipangano Chakale. Mu Novembala 2001 anamangidwa chifukwa cha kalata yodzudzula boma la Muluzi, ndipo pa 27 mwezi womwewo anamwalira ali m'manja mwa apolisi. Uthengawo unatipeza pa msika. Bambo atamva anangoti, "Ndinakuuzani za pakamwa." Koma madzulo ake anatuma mlongo wanga kukabwereka kaseti ya Matafale kwa anansi. Abale ake a kwa Fumulani anapitiriza gululo, ndipo chaka ndi chaka anthu amasonkhana ku Chileka kumukumbukira.

Ndisabise mbali ina. Oimba ena a gululi analowa ndale zimene ankaziimba. Lucius anakhala phungu wa UDF ku Balaka mu 2004, ndipo kumapeto kwa moyo wake anali mlangizi wa Pulezidenti Lazarus Chakwera. Amalume sanamukhululukire. Ankati msilikali akayamba kudya pa tebulo la mfumu, mfuti imachita dzimbiri. Bambo ankayankha kuti munthu atha kusintha, koma nyimbo ikatuluka si yakenso. Anakangana za zimenezi zaka zambiri, ndipo ine mpaka lero ndimapezeka ndikuvomereza onse awiri.

Dziko lathu nalo linadzakhala ndi liwu lake. Edson da Luz, wodziwika kuti Azagaia, anatulutsa chimbale cha Babalaze mu 2007. Anthu a ku Maputo atachita zionetsero pa 5 Febuluwale 2008 chifukwa cha kukwera kwa mtengo wa ma chapa, iye anaimba Povo no Poder, ndipo anaitanidwa kukafunsidwa ndi oimira boma pa milandu. Anamwalira pa 9 Malichi 2023, ndipo pa 18 Malichi achinyamata amene anafuna kuyenda pomulemekeza ku Maputo anabalalitsidwa ndi utsi wokhetsa misozi. Azagaia ankaimba rap, makamaka m'Chipwitikizi. Ine ndinkamumva bwino. Bambo ankafuna womasulira, ndipo ndikamasulira ankagwedeza mutu n'kunena kuti, "Ameneyu ndi Matafale wa kwathu." Muyeso wawo unali wa ku Chileka.

Tsopano ndifike pa chimene chinandikhazika pansi ndi kaseti ija. M'masiku a maliro a Azagaia, mnyamata wina wa m'kalasi langa analemba mutu wa nyimbo ija pa chikuto cha kope lake, ndi zilembo zikuluzikulu. Pansi pake anayesa kuumasulira m'Chichewa, anafufuta kawiri, n'kulembanso. Ine ndine wantchito wa boma, ndili ndi ana anayi. Ndinayang'ana pa zenera, kenaka ndinamuuza motsitsa mawu kuti ang'ambe chikutocho.

"Aphunzitsi, ndalakwitsa kumasulira?" anafunsa.

Sanalakwitse. Anachita chimene ndimawapempha tsiku lililonse, kutenga ganizo m'chinenero china n'kulibweretsa kwawo. Ndinamuyankha kuti kope si malo a zimenezo. Anang'amba, ndipo chaka chonsecho sanakwezenso dzanja m'kalasi mwanga.

Kwa nthawi yaitali ndinkadzitonthoza kuti ndinachita ngati bambo, kuteteza mwana. Koma nditagwira kaseti ija ndinakumbukira bwinobwino. Bambo anatseka chitseko, inde, koma ife ana tinali m'kati. Sanazimitse wailesi. Anati ibwezereni. Ine ndinatseka chitseko mwanayo ali panja.

Sindikunena kuti kalasi isanduke msonkhano wa chipani. Zimenezo si ntchito yathu, ndipo tonse tinaona mmene zinthu zinatenthera m'dziko muno pambuyo pa chisankho cha Okutobala 2024. Koma ndikanatha kumuitana pa nthawi yopuma, kumufunsa kuti mawuwo akuwamva bwanji, kumuuza za Balaka ndi Chileka, za nyimbo za pamtondo za agogo ake, ndi mtengo umene ena analipira. Ndikanamuphunzitsa kusamala popanda kumuphunzitsa kuti funso lake ndi mlandu.

Lucius Banda anamwalira pa 30 Juni 2024 ku South Africa. Bambo anali atatsogola kale miyezi ingapo. Amalume, amene anakhala zaka makumi awiri akumunyoza, ndi amene anayenda ndi ndodo kudzandiuza, maso ali ofiira.

Mnyamata uja tsopano ali ku sekondale ku Ulongwe. Ndafunsa kwa makolo ake, akuti abwera pa tchuthi. Wailesi ya kaseti ndaipeza kwa mkulu wina wokonza njinga pa msika, ndipo akuti ikugwirabe ntchito. Ndikufuna ndikamupepese mwanayo, kenaka timvere limodzi, ngati iye angafune.

Inu aphunzitsi ndi makolo, mwana wanu akabwera ndi nyimbo yotere, mumatani? Ndipo m'nyumba mwanu munali kaseti iti imene inkatsekeredwa chitseko?