Kupeza Njira mu Mzinda wa São Paulo

Ambiri a ife timadziwa njira poyang'ana phiri, mtsinje kapena mtengo wa mlambe, ndipo tikasokera timafika pakhomo, kuodira ndi kufunsa. Koma kutsidya kwa nyanja, m'dziko la Brazil, kuli mzinda kumene nzeru yotereyi imachepa. Dzina lake ndi São Paulo. Kalembera wa 2022 adapezamo anthu oposa 11 miliyoni, ndiko kuti pafupifupi kakhumi kuposa a mumzinda wa Maputo. Nyumba zosanja zimatseka maso mbali zonse, kotero kuti mlendo angathe kuyenda tsiku lathunthu osaona kumene dzuwa latulukira ngakhale kumene likukalowa.

Ife a ku Mozambique timapitako ndi mtima wolimba poganiza kuti Chipwitikizi tikuchidziwa. Nzoonadi, chimathandiza kwambiri, koma nchosiyana ndi cha kwathu. Wofunsa "machimbombo" amangoyang'anidwa modabwa, pakuti kumeneko basi amati "ônibus", pokwerera pake amati "ponto", sitima amati "trem", ndipo wofuna kukadzithandiza afunse "banheiro". Choopsa koposa mawu ndi msewu. Kwathu galimoto zimayenda kumanzere, koma ku Brazil zimayenda kumanja, motero khosi lozolowera kuyamba kuyang'ana kumanja podutsa msewu liyenera kuphunzira mwatsopano, mwini wake asanavulale.

Nanga munthu ayambire pati? Ine ndikuti ayambire pa Praça da Sé, pakatikati pa mzinda. Patsogolo pa tchalitchi chachikulu cha Akatolika pali chipilala chachifupi cha mwala chotchedwa Marco Zero, chimene chidaikidwa mu 1934. Mitunda imawerengedwa kuchokera pamenepo, ndipo manambala a nyumba amayambira kumapeto kwa msewu koyandikira mwalawo, nkumakula pamene munthu akutalikira. Chokondweretsa nchakuti nambala ya nyumba imanenanso mtunda wake m'mamita. Nyumba yotchuka yoonetseramo zojambula ya MASP ili pa 1578 mu Avenida Paulista. Ameneyo ndi mamita oposa 1,500 kuchokera poyambira msewuwo. Choncho ngati mwaima pa 300 ndipo mukufuna 2,000, musanene kuti ndi pakhonde pomwepa. Wodziwa chinsinsi chimenechi amawerenga makoma monga momwe mlenje amawerengera mapazi a nyama.

Pafupi ndi bwaloli pali Pátio do Colégio, pamene mzindawu udabadwira. Pa 25 Januwale 1554 ansembe a Chijezuiti adachitapo mapemphero oyamba pa kasukulu kawo, ndipo popeza tsikulo ndi lokumbukira kutembenuka mtima kwa mtumwi Paulo, malowo adatenga dzina lake. Owerenga Machitidwe a Atumwi mutu 9 akumbukira kuti Paulo mwini adalowa mu Damasiko ali wosaona, anzake atamgwira dzanja. Mlendo mumzinda wa dzina lake sasiyana naye kwenikweni pa masiku oyamba.

Dzanja lomugwira ndi sitima yapansi pa nthaka, imene eni ake amati metrô. Idayamba kunyamula anthu mu 1974. Njanji iliyonse ili ndi nambala ndi mtundu wake: yoyamba ndi yabuluu, yochokera ku Tucuruvi kumpoto kufika ku Jabaquara kumwera, yachitatu ndi yofiira, yodutsa kuchokera kum'mawa kunka kumadzulo, ndipo ziwirizi zimakumana pansi pa Sé. Yachiwiri, yobiriwira, imayenda pansi pa Avenida Paulista. Zikwangwani sizinena kuti kumpoto kapena kumwera. Zimangotchula siteshoni yomalizira. Musanatsike makwerero, dziwani dzina la kumene njanjiyo ikuthera kumbali imene mukupita, ndipo lilembeni papepala. Ndikuti papepala, osati pafoni pokha, chifukwa foni yogwira poyera pamsewu imakopa akuba, komanso batire likatha mapu onse apita. Pewani Sé m'mamawa ndi madzulo anthu akamaweruka, pakuti khamu limakunyamulani ngati madzi osefukira, nkukulowetsani mu sitima imene simunafune.

Pofunsa njira, safunsa adadya phula, koma si aliyense woyenera kumufunsa. Funsani wogwira ntchito pa siteshoni, wogulitsa nyuzi kapena mlonda wa pakhomo, ndipo muyambe ndi moni, monga tidaleredwera. Anthu a mumzindawu amayenda mothamanga, komabe ambiri amaima akamva ulemu, ndipo akazindikira kuti ndinu wa ku Africa mafunso amakhala awo. Tchulaninso dzina la dera pamodzi ndi la msewu, chifukwa mzinda waukulu chotere suchedwa kukusocheretsani ndi mayina ofanana.

Pali malo amodzi amene sindikufuna kuti mbale aliyense awadutse osaima. Siteshoni yotsatira kumwera kwa Sé ili m'dera la Liberdade, lodziwika ndi nyali zofiira ndi masitolo a anthu ochokera ku Japan, amene makolo awo adayamba kufika ku Brazil mu 1908. Alendo amadzaza kumeneko kudzadya ndi kujambula zithunzi. Koma kale bwalo limenelo lidali popachikira anthu oweruzidwa kuti aphedwe, ndipo pafupi pake padali manda a akapolo ndi amphawi. Kumapeto kwa kanjira kopanikizika kotchedwa Rua dos Aflitos kudakali kachalitchi kakang'ono ka m'ma 1770, kobisika pakati pa nyumba zamalonda. M'zaka za m'ma 1800 zombo zambiri zidanyamula anthu ku Quelimane ndi ku Ilha de Moçambique kupita nawo ku Brazil, ena mwa iwo ogwidwa m'chigwa cha Zambezi, ndipo ukapolo udathetsedwa kumeneko mu 1888. Munthu wa ku Tete akaima pakhomo pa kachalitchiko sangadziyese mlendo kotheratu. Wofuna kumva zambiri apite ku Museu Afro Brasil, imene idatsegulidwa mu 2004 m'paki ya Ibirapuera.

Tsiku la Mulungu likakupezani kumeneko, musagone ku hotela. Mipingo ya Chipresibiteriyo ilimo yambiri, ndipo kawirikawiri m'mawa mumakhala Sande Sukulu ya akulu ndi ana omwe, pamene mapemphero aakulu amachitika madzulo. Nkwabwino kufunsiratu nthawi. Mpingo wawo woyamba mumzindawu udakhazikitsidwa mu 1865, ndipo sukulu imene abusa George Chamberlain ndi mayi akunyumba kwawo adayambitsa mu 1870 ndiyo idakula kukhala yunivesite ya Mackenzie. Mukakwera njanji yachinayi, yachikasu, tsikirani pa Higienópolis-Mackenzie. Kuchokera pamenepo ndi ulendo wapansi kukafika ku manda a Chiprotestanti, oyandikana ndi manda aakulu a Consolação. M'menemo mudagona abusa Ashbel Green Simonton, mmishonale amene adafika ku Rio de Janeiro mu 1859 namwalira ku São Paulo mu 1867, ali ndi zaka 34.