Tsalani Bwino, Inu a ku Narnia

Makolo athu adati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Mawuwa ngoona pa anthu, ngoonanso pa mabuku. Ife a banja lina la kuno kwa Chitukula tatsiriza kuwerenga mabuku 7 a nthano za dziko la Narnia, ndipo mitima yathu ili ngati ya anthu amene aperekeza mlendo wokondedwa, nabwerera kumudzi ali duu.

Adalemba mabukuwa ndi C.S. Lewis, mphunzitsi wa ku Oxford ndi Cambridge, ndipo adatuluka kuyambira 1950 mpaka 1956. Mkuluyu adali wa mpingo wa Anglican, koma mmodzi mwa abwenzi amene adamthandiza kubwerera kwa Khristu mu 1931 adali Mkatolika, J.R.R. Tolkien. Popeza mabukuwa ali m'Chingerezi, ana athu a ku sekondale ndiwo ankatimasulira madzulo, titatha kupemphera kolona. Agogo, amene adakula ndi nthano za Kalulu ndi Fisi, sadadabwe konse kumva kuti ku Narnia nyama zimayankhula.

Chimene chidatigwira mtima poyamba ndi mkango uja, Aslan. Mnyamata Edmund adagulitsa abale ake kwa mfiti chifukwa cha maswiti, ndipo mwa lamulo adayenera kufa. Koma mkango udadzipereka m'malo mwake: udamangidwa, udametedwa, udaphedwa pa gome lamwala, ndipo mbandakucha udaukanso. Palibe adafunsa tanthauzo lake. Ngakhale mwana wa kalasi ya Ukaristia woyamba adazindikira Lachisanu Loyera ndi Pasaka.

Buku lotsiriza, The Last Battle, ndilo latisiyira zolingalira zambiri. M'menemo nyani wina wochenjera atola chikopa cha mkango, naveka bulu wopusa, nalengeza kuti Aslan wabwera. Bulu abisidwa m'khola, aonetsedwa usiku wokha, ndipo nyani ndiye ayankhula m'malo mwake. M'dzina loyeralo mitengo idulidwa nigulitsidwa kwa alendo, nyama zaufulu zisanduka akapolo. Kodi abale, zotere n'za ku Narnia kokha? Ndi angati masiku ano avala dzina la Ambuye ngati chikopa, nadyera masuku pamutu amphawi, odwala ndi amasiye?

Komatu chilonda chachikulu chili kutsogolo. Tianthu tina tatifupi, tonga Akafula a m'mbiri yathu, titazindikira kuti tanamizidwa, tidalumbira kusakhulupiriranso kanthu. Aslan weniweni atabwera natipatsa phwando, ito tinkangomva ngati tikudya udzu wa m'khola. Tchimo la mneneri wonama silithera pa ndalama zimene waba: amasiya mitima youma, yosathanso kulandira choona. Ena otere tili nawo m'mabanja mwathu, ndipo safunika kuwanyoza koma kuwapirira.

Tidamvanso chisoni ndi Susan, mlongo wake wa Edmund, amene atakula adayamba kunena kuti Narnia adali masewera a ubwana. Ife makolo tidakumbukira ana athu amene adabatizidwa, nalimbikitsidwa, koma atapita ku tauni adasiya Misa. Lewis sadatseke chitseko: bukuli litha Susan akadali ndi moyo, nthawi yobwerera akadali nayo. Ifenso tisatope kuwatchula maina m'mapemphero.

Nanga tidandaulirenji kuti nthano yatha? M'buku lina la 1952, Aslan adauza Edmund ndi mlongo wake wamng'ono Lucy kuti akula, ndipo ayenera kumdziwa kwao komwe, kumene ali ndi dzina lina. Dzinalo ife tikulidziwa. Timalimva pa Mthenga Wabwino, timalitchula ku mphakati, timakumana ndi mwini wake pa guwa la nsembe ndi pa mphasa ya wodwala. Nthano yabwino ili ngati mwana wolozera mlendo njira ya kwa mfumu: akakufikitsa pabwalo, iye amabwerera.

Tsono tsalani bwino, inu a ku Narnia. Mabukuwa tapereka kwa banja loyandikana nalo. Koma chizolowezi chokhala pamodzi madzulo, ana kuwerenga, akulu kumvetsera, sitichitaya ayi. Agogo ali ndi nthano zambiri zimene adzukulu sadazimve, ndipo Buku Loyera likutidikira.