Mphika Wosefukira wa ku Thanjavur

Mayi wodziwa ntchito yake amachita manyazi mphika ukasefukira pamoto. Komatu kwa Atamil a chipembedzo cha Chihindu, kummwera kwa dziko la India, pali tsiku limodzi pachaka limene banja lonse limazungulira mafuwa kudikirira kuti mphika usefukire. Chikondwererochi amachitcha Pongal, ndipo liwuli m'chinenero chawo limatanthauza kuwira mpaka kutayikira.

Tsikuli limakhala pa 14 kapena 15 Januwale, pamene mwezi wawo wa Thai ukuyamba, mpunga utacha m'madambo a mtsinje wa Kaveri, kufupi ndi mzinda wa Thanjavur. Eni ake ali ndi mwambi wakuti mwezi wa Thai ukabadwa, njira imatseguka. Tanthauzo lake mlimi sasowa womuuza: nkhokwe ikadzaza, ngongole imabwezedwa ndipo maukwati amene anaimitsidwa amakambidwanso. Dzulo lake, pa tsiku la Bhogi, amakhala atasesa, atapaka njereza ndiponso atatentha mikeka yakutha ndi sanza.

M'bandakucha atsikana amajambula maluwa pakhomo ndi ufa wa mpunga, kuti nazo nyerere zipezepo chakudya. Agogo aakazi amatulutsa mphika wadothi watsopano, naumanga m'khosi ndi mmera wa chikasu. Moto amaukoleza pabwalo, poyera, pakuti wothokozedwa ndi Surya, mulungu wa dzuwa, ndipo sangathokozedwe atatsekeredwa kunja. Pambali amaimika nzimbe. Mumphikamo mumalowa mkaka, mpunga watsopano ndi shuga wofiirira wa nzimbe. Kenaka onse amadikira. Ana amafuna kusonkhezera moto, koma agogo amawaletsa. Thovu likangokwera ndi kutsikira m'mbali mwa mphika, khomo lonse limafuula kuti "Pongalo Pongal!" Gawo loyamba amaliika pa tsamba la nthochi kupereka kwa dzuwa, anthu asanalawe.

Apa ndi pamene pagona nkhani. Chakudya chimasungika; wochedwa angathe kuikiridwa mkute. Koma kusefukira kuja n'kwa kamphindi chabe, ndipo wofika thovu litagwa waphonya chaka chathunthu. N'chifukwa chake ana ogwira ntchito ku Chennai amalimbirana malo m'sitima, ndipo boma la Tamil Nadu limaonjezera mabasi m'masiku amenewa. Olephera kupita amaphika pa mbaula ya gasi m'nyumba zosanja, ena amaonera mphika wa kwawo pa foni. Palibe angawadzudzule, komabe agogo akamawerenga mitu yozungulira mafuwa, wa pa foni samuwerengera mofanana ndi amene utsi ukumulowa m'maso.

M'mawa mwake ndi Mattu Pongal, tsiku la ng'ombe. Amazisambitsa, kupaka nyanga zake utoto, kuziveka nkhata za maluwa ndi kuzidyetsa mpunga wotsekemera uja, ngakhale kuti minda yambiri lero imalimidwa ndi thirakitala.

Tsiku lachinayi, la Kaanum, ndi loyendera abale. Chibale n'fupa, sichiwola, koma chimafuna kupondedwa pakhomo. M'mabanja ena mkazi, ngakhale wokwatiwa kutali, amaumba timibulu ta mpunga wotsala, natiyala pa tsamba la chikasu pabwalo, uku akupempherera alongo ake aamuna kuti akhale ndi moyo. Akatero amabwerera pakhonde, n'kuima chete kudikira akhwangwala kuti atere.