Dzanja lathu pansi pa pepala

Kwa miyezi ingapo tsopano, Swala ya Isha ikatha ndipo m'nyumba mukakhala zii, timayala pepala lopyapyala pa galasi la lamya n'kumatsata mizere ya dzanja lathu lomwe. Luso limeneli amalitcha rotoscoping. Munthu amajambula kanema wa chinthu chenicheni, n'kumamuimitsa chithunzi chimodzichimodzi, ndipo pa chilichonse amalondola m'mphepete mwa chinthucho ndi pensulo. Mapepalawo akaonetsedwa motsatizana mwaliwiro, chojambulacho chimayenda monga mmene chinayendera mwini wake. Anatulukira njirayi ndi Max Fleischer wa ku America mu 1915, pamene anajambula mbale wake Dave atavala zovala za wanthabwala, ndipo m'mizere imeneyo munabadwa Koko the Clown.

Sitinalowemo chimbulimbuli. Ku koleji tinawerenga mahadisi ochenjeza ojambula zamoyo, ndipo tikudziwa kuti maulama asiyana maganizo pa za kamera ndi zojambula zophunzitsira ana. Mtima unatigunda sabata yathunthu. Pomaliza tinadziikira malire: nkhope ayi, thupi lathunthu ayi. Dzanja lokha, cholembera, ndi chilembo cha Chiarabu chikubadwa pa pepala. Mnzathu wina wachikulire anapukusabe mutu, ndipo sitinamutsutse.

Tinasankha chilembo cha jim, chifukwa ndicho chimatiyambanitsa ndi ana ku madrasa. Kanema wa m'mafilimu amakhala ndi zithunzi 24 pa sekondi; ife tinatenga 12, monga achitira ojambula ambiri. Masekondi asanu anatidyera mapepala 60 ndi mausiku asanu ndi anayi. Chala chikangokhudza galasi, chithunzi chimasuntha ndipo ntchito imayambiranso. Pepala likapendekeka pang'ono pokha, dzanja lonse limanjenjemera ngati la wodwala malungo. Tinaphunzira kumata lamya pa tebulo ndi kuboola mapepala onse timabowo tiwiri pamalo amodzi kuti azigona mofanana.

Kwa zaka zambiri takhala tikuuza ana kuti jim amalembedwa ndi mpweya umodzi: mutu, kenako mimba yake yozungulira, cholembera osachoka pa pepala. Ambiri tawafufutitsa. Ena, tivomere, tawakalipira mpaka misozi. Koma titafika chapakati pa mulu wa mapepala, nsonga ya pensulo yathu inapeza mpata pakati pa cholembera ndi mzere. Pa mapepala atatu otsatizana cholembera chinali m'mwamba. Tinaganiza kuti talakwitsa potsata, tinabwerera ku kanema, ndipo zinali momwemo. Dzanja lathu limanyamuka pakhosi pa chilembocho, limatembenuza chala chachikulu pang'ono, n'kuteranso pamene linachokera, mwaliwiro loti diso silingaone. Kanemayo tinamuonera kambirimbiri osazindikira kanthu. Chinatiululira ndi kuchedwa kwa pensulo, imene siingadumphe chithunzi ngakhale chimodzi.

Mawa lake tinanyamula muluwo kupita nawo ku madrasa. Tinaitana mtsikana amene tinamufufutitsa jim kasanu sabata yathayo, tinamupatsa mapepalawo kuti awapyatule ndi chala, kenako tinamuonetsa atatu aja. Anawayang'ana nthawi yaitali, natiyang'ana ifenso, koma ulemu unamuletsa kuseka. Anabwerera pa mphasa, nalemba jim wake atanyamula cholembera pakhosi, ndipo chinatuluka chilembo chokongola kuposa chathu.