Mtengo wa Mawa la Mwana

Usiku uliwonse mayiyo amadzuka katatu kuti atembenuze mwana wake, kuopa zilonda za pamsana. Mnyamatayo ali ndi zaka 9, koma satha kukhala tsonga, salankhula, ndipo phala amachita kumumwetsa. Anabadwira m'chipatala china cha boma ku Johannesburg, kumene mayiyo anatsatira mwamuna wake kuchokera ku Mangochi. Anamwino anachedwa kumva kubuula kwake. Mwana anabanika m'mimba, ubongo n'kuwonongeka.

Loya anamufotokozera kuti mwa lamulo lakale la ku South Africa, chipukuta misozi chimaperekedwa kamodzi, chonse pamodzi. Akatswiri amawerengetsera mtengo wa matewera, mankhwala, njinga za olumala ndi omusamalira, kwa zaka zonse zimene akuganiza kuti mwanayo adzakhala ndi moyo. Tsikulo mayiyo analira, pakuti alendo anali atalemba papepala msinkhu umene mwana wake adzafere.

Boma nalo lili ndi dandaulo lake: ndalama zotere zimachoka m'thumba lomwelo logulira mankhwala a odwala ena. Mu 2017 akuluakulu a zaumoyo m'chigawo cha Gauteng anafika kubwalo lalikulu loona za malamulo oyendetsera dziko, pa mlandu wa mwana wina amene anapatsidwa marandi oposa 23 miliyoni. Anagonja, ngakhale oweruza anasiya khomo lotsekula kuti lamulolo likhoza kusintha. Mu 2018 kunabwera bilu yoti chipukuta misozi choposa marandi 1 miliyoni chiziperekedwa pang'onopang'ono, ndipo chithandizo china chizichokera m'zipatala za boma. Nyumba ya Malamulo ya nthawiyo inatha mu 2019 isanaivomereze.

Mayiyo sakana kuti thumba la boma lili ndi malire. Iyenso anagonapo pabenchi kudikira dokotala, ndipo amadziwa kuti ndalama zobwera nthawi imodzi zimaitana achibale ndi ngongole. Chimene chimam'sowetsa tulo n'chakuti malipiro a pang'onopang'ono ndi lonjezo, ndipo wolonjezayo ndi yemweyo amene anachedwa usiku uja.

"Amake mwana, kodi tikufuna ndalama kapena chisamaliro?" anafunsa mwamuna wake tsiku lina.

"Bambo, ndikufuna kudziwa amene adzam'tembenuze ine nditapita," anayankha.

Kunja kunali kusanache. Anapinda bulangeti, nalowetsa dzanja kunsi kwa phewa la mwanayo, nam'tembenuza kachitatu.