GALASI LOCHINGA MPHEPO PA NJINGA YAMOTO: M'MENE MLIMI WA KU KATETE ANASANKHIRA LAKE

Njinga yamoto, imene anthu ambiri kuno kum'mawa amangoicha honda ngakhale itapangidwa ndi kampani ina, yasanduka ciwiya ca pakhomo monga khasu ndi ngolo. Kale inali ya alangizi a zaulimi, anchito a zaumoyo ndi abusa a mipingo. Lero mlimi akakolola bwino nshawa, soya kapena thonje, atatha kufolera nyumba yake ndi malata, maganizo ake amathamangira kukagula Boxer, TVS kapena Haojue. Koma aliyense wogula amazindikira msanga kuti pa njinga yotere munthu amakhala pamtetete, ndipo cimene amalimbana naco pa ulendo uliwonse ndi mphepo.

M'boma la Katete muli mlimi wina, bambo wamtali wa zaka zopitirira makumi anai, amenenso ali kalaliki wa kopaletivu ya m'dera lao. Cifukwa ca udindowo amapita ku Chipata kawiri-kawiri, ulendo wa makilomita opitirira 80 pa mseu waukulu wa Great East. Caka coyamba anali kungokondwera kuti waleka kudikira basi padzuwa. M'caka caciwiri anayamba kufika kunyumba khosi litauma, mapewa akuwawa, ndipo akagona usiku m'makutu munali kulira ngati muli nyenje. Iye anaciyesa kutopa wamba. Amene anayamba kucita mantha ndi akazi ake, poona kuti wailesi ikukwezedwa koposa kale ndiponso kuti ana akalankhula, atate ao akuwabwerezetsa mau.

"Bambo, honda iyi ikuthandizadi pakhomo pano, koma ikukudyani makutu," anatero maiwo tsiku lina. "Pitani mukaonane ndi a kucipatala zisanafike poipa."

Ku cipatala anamuuza zimene anchito a zaumoyo amadziwa bwino: phokoso limayesedwa ndi muyeso wochedwa desibelo, ndipo munthu wokhala m'phokoso lopitirira 85 kwa maora asanu ndi atatu tsiku ndi tsiku amaononga makutu ake pang'ono-pang'ono. Pa njinga yamoto yothamanga pa tala, phokoso la mphepo m'kati mwa cisoti limapitirira muyeso umenewu, ndipo nthawi zambiri limaposa la injini. Coipa kwambiri ndi cakuti kumva kukatha mwa njira imeneyi sikubwereranso.

MPHEPO IRI MITUNDU IWIRI

Mlimiyo anayamba kuyang'anitsitsa zimene zimacitika pa ulendo. Pa mseu wa dothi wocokera kumudzi, pamene amayenda makilomita 40 pa ora, mphepo siinali kumubvuta. Akangokwera pa tala nafika 80, inali kumukankha pacifuwa kotero kuti manja anali kugwira mahandulo mwamphamvu njira yonse. Cifukwa cake ndi ici: liwiro likawirikiza kawiri, mphamvu ya mphepo pa thupi imawirikiza kanai. Ndipo ngati mphepo ya m'cilengedwe ikuomba kucokera kutsogolo, monga imacitira m'miyezi ya August ndi September, liwiro lake limaonjezera pa liwiro la njinga.

Anazindikiranso kuti mphepo imafika pa munthu m'njira ziwiri. Pali yosalala, imene imakankha mofanana osasintha; iyi imatopetsa koma simasokoneza mutu. Pali ina yowinduka, imene imamenya cisoti uku ndi uku ngati munthu akuomba ng'oma pamutu. Aliyense amene anaonapo mtsinje nthawi ya dzinja angamvetse msanga. Madzi akakumana ndi mwala amagawikana, ndipo kuseri kwa mwalawo amazungulira-zungulira nacita thobvu. Mpweya umacita cimodzi-modzi ukakumana ndi galasi. Umakwera pamwamba pake, ndipo ukafika pa mlomo wa galasilo umasweka nuyamba kuwinduka. Kuseri kwa galasi kumatsala malo a mpweya wocepa, ndipo malowo amakoka mphepo ina kucokera m'mbali ndi pansi. Mutu wa wokwera ukakhala pa malo pamene mphepo yoswekayo ikudutsa, ndiye kuti galasi laonjeza bvuto.

GALASI LA ALAMU

Zimenezi anazionera pa njinga ya mlamu wake, amene anali atamanga galasi lalitali ndithu ndipo anali kulitama paliponse. "Alamu, gulani longa langali, mphepo mudzaiiwala," anali kutero. Mlimiyo anapempha kuti aiyese njingayo kucokera pa Katete kulowera ku mapiri a Mphangwe. Pacifuwa panalidi bata, koma atangopitirira makilomita 60 pa ora cisoti cinayamba kunjenjemera, zikwangwani za pa mseu zinaoneka ngati zikubvina, ndipo phokoso linakula kuposa pa njinga yake yopanda galasi.

Mlamuyo sanali kunama. Iye ndi wamfupi, tsono mphepo yosweka inali kudutsa pamwamba pa mutu wake. Kwa munthu wamtali, mphepo yomweyo inali kufika ndendende pa mphumi. Galasi liri ngati nsapato: yokwana phazi la wina ingathe kutupitsa phazi la mnzake. Akulu anati fodya wako ndi uyo ali pamphuno, ndipo mlimiyo anaona kuti ayenera kupima pa thupi lake ndi pa njinga yake, asanatulutse ndalama.

KUPIMA

Makanika wina wacikulire wa ku Chipata, amene wakhala akukonza njinga za alangizi kwa zaka zambiri, anamufotokozera njira yopimira. Wokwera akhale pa njinga pamalo osatsetsereka, atabvala cisoti, atakhala monga momwe amakhalira pa ulendo, wosadzikokera m'mwamba kapena kuwerama. Wina agwire ndodo yoongoka pamwamba pa nyali yakutsogolo, yopendekeka mofanana ndi mashoko a kutsogolo, nalembe cizindikiro pa ndodoyo pamene palingana ndi nsonga ya mphuno ya wokwera. Umenewo ndiwo msinkhu wa galasi lalitali loyenera munthuyo. Wokwera ayenera kuona mseu pamwamba pa galasi, kuyambira pafupi-fupi mamita 15 kutsogolo kwake. Galasi loposa maso ndi langozi kuno kwathu, pakuti mvula ya December, matope, fumbi la malole ndi tizirombo ta madzulo zimaliphimba, ndipo usiku nyali za galimoto zobwera kutsogolo zimamwazika pa ilo, munthu nasowa poona.

Makanikayo anaonjeza kuti njira zothawira mphepo yowinduka ziri ziwiri. Yoyamba ndi galasi lofika pamphuno, limene limaponya mphepo pamwamba pa cisoti. Yaciwiri ndi galasi lalifupi, limene limacotsa mphepo pacifuwa ndi kusiya mutu mu mphepo yosalala. Loipa ndi lapakati, losafika uku kapena uko. Kuti munthu adziwe mbali yolowera, ayende pa mseu wopanda magalimoto ndi liwiro labwino, awerame pang'ono, kenaka adzikweze pang'ono. Ngati phokoso licepa powerama, galasi lifunika kutalika; ngati licepa podzikweza, lifunika kufupika.

Atapima ndi mwana wake wamwamuna, mlimiyo anapeza kuti galasi lofika pamphuno pake lidzakhala lalikuru kwambiri. Apa ndi pamene panali kusankha kweni-kweni. Njinga yake iri ndi injini yaing'ono ya 150cc, ndipo galasi la njinga zotere limamangidwa ku mahandulo. Galasi lalikuru lomangidwa pamenepo limagwira mphepo ya m'mbali ngati thanga la bwato, ndipo mphamvu yonseyo imafika m'manja mwa woyendetsa. Pa mseu wa Great East pamadutsa malole akulu-akulu ocokera ku cipata ca Mwami, ndipo lililonse likadutsa limaponya cimphepo cimene cimagwedeza njinga. Pamenepo handulo ikapotoka yokha ngakhale pang'ono, munthu angapezeke m'ngalande. Galasi lalikuru limalemetsanso injini yaing'ono pokwera mtunda mphepo iri kutsogolo. Anadula katoni yolimba m'misinkhu iwiri, naimanga ndi mphira pa mahandulo, nayesa pang'ono-pang'ono pa mseu wa pafupi ndi mudzi. Mtima wake unakhazikika pa lalifupi.

MAPULASITIKI AWIRI

Ngakhale limachedwa galasi, cochinga cimeneci ndi pulasitiki, ndipo m'masitolo mumapezeka mitundu iwiri. Wina umachedwa acrylic. Uwu ndi woyera bwino, sucita cikasu msanga padzuwa, ndipo ukakandika pang'ono umatheka kupukutidwa. Koma ndi wouma, kotero mwala wothamanga kapena kugwa kwa njinga kungauswe m'zidutswa zakuthwa. Wina umachedwa polycarbonate. Uwu ndi wolimba kwambiri, umapindika m'malo mosweka, koma umakandika msanga ngati sunakutidwe ndi mankhwala ouumitsa pamwamba, ndipo mtengo wake ndi wokwererapo. Kwa munthu amene theka la ulendo wake liri pa mseu wa miyala ndi mabampu, waciwiriwu ndiwo unali woyenera. Makanika anamucenjezanso kuti asatenge lopsapsala kwambiri, losafika mamilimita atatu, cifukwa limabvina mu mphepo ndi kung'aluka pa zibowo za mabauti. Lakuda lonyezimira limakongola pa shelefu, koma cikome-kome ca mkuyu m'kati muli nyerere: madzulo limabisa maenje amene ali pafupi ndi gudumu.

Nkhani ya ndalama inakambidwa pakhomo usiku wonse. Unali mwezi wa October, nthawi yogula mbeu ndi feteleza, ndipo fizi ya mwana wa ku koleji inali kudikira. Mlimiyo anafuna kutenga lochipa kuti nkhani ithe. Akazi ake anakana. "Mukagula losweka msanga mudzagula kawiri," anatero. "Feteleza ayambe. Tikagulitsa nkhumba ija mwezi wa mawa, mukatenge colimbaco. Pakali pano cepetsani liwiro." Anatero ndithu. Kwa milungu isanu anayenda osapitirira makilomita 60 pa ora, ndipo anapeza kuti ulendo wa ku Chipata unatalika ndi mphindi zosafika makumi atatu, koma khosi linacepa kuwawa.

KUMANGA NDI KUSAMALA

Tsiku lomanga, makanika anaika timphira pakati pa galasi ndi zitsulo zake, ndipo mabauti sanawamange mopitirira, pakuti pulasitiki yofinyidwa kwambiri imayamba ming'alu. Anapendeketsa galasi mofanana ndi mashoko, nasiya mpata wa zala ziwiri pakati pa ilo ndi nyali. Mpata umenewu anthu ena amautseka poganiza kuti ndi colakwa, cikhalireco umalowetsa mphepo pang'ono kuseri kwa galasi, nudzaza malo aja a mpweya wocepa, ndipo kuwinduka kumacepa. Pomaliza anapotoza mahandulo mpaka kumapeto mbali zonse ziwiri kuti aone ngati galasi silikukhudza thanki, kapena kukoka nthambo za mabuleki ndi kilachi.

Anamuuzanso za katsukidwe. Fumbi louma lisapukutidwe ndi dzanja kapena ndi nsanza youma, cifukwa mcenga wake umakanda. Ayambe wathira madzi ambiri, kenaka asuke ndi sopo pang'ono ndi nsaru yofewa. Petulo, palafini ndi mankhwala otsukira mawindo a nyumba zimaononga pulasitiki, makamaka polycarbonate. Pa miseu ya mabampu mabauti ayenera kuyang'anidwa sabata iriyonse.

Galasi lalifupilo linacita nchito imene analigulira. Mphepo inacoka pacifuwa, manja analeka kumangika, ndipo m'mawa wa June ndi July kuzizira sikunali kulowa m'jekete monga kale. Koma phokoso m'makutu silinathe, pakuti mutu unali ukali mu mphepo. Pa ici anatsata malangizo a ku cipatala: anagula timphira tofewa totseka m'makutu, tonga timene anchito a m'zigayo ndi m'mafakitale amabvala. Timeneti timacepetsa mkokomo wa mphepo koma hutala ya galimoto imamvekabe. Anasinthanso cisoti cake cakale cimene cinali kukhwepa, natenga cokwana bwino cotseka nkhope yonse, pakuti cisoti cokhwepa cimalowetsa mphepo pansi pa makutu. Malamulo a pa mseu m'Zambia amafuna kuti woyendetsa ndi wokwezedwa onse abvale cisoti, ndipo galasi silicotsa lamulo limeneli. Akakweza akazi ake kumbuyo amawafunsa ngati mphepo ikuwamenya, cifukwa mphepo yodutsa woyendetsa kawiri-kawiri imakagwera pa wa kumbuyo.

Kulira kwa m'makutu kunacepa, koma khutu la kumanja silinabwerere mwakale, ndipo pa misonkhano ya kopaletivu mlimiyo amakhala kutsogolo kuti amve bwino. Anyamata a m'mudzi amene ayamba nchito yonyamula anthu pa honda amabwera kwa iye kudzafunsa za galasi lake. Iye sawauza kuti agule longa lakelo. Amawakhazika pa njinga zao mmodzi-mmodzi, natenga ndodo ndi khala, nalemba msinkhu wa mphuno ya aliyense, ndipo asanapite amawaonetsa timphira twa m'makutu timene amasunga m'kabotolo m'thumba la jekete. Ambiri a iwo ali ndi zaka zosafika makumi awiri ndi zisanu ndipo amakhala pa njinga tsiku lonse, tsono iye amawakumbutsa kuti safunsa anadya phula.